Kwa Bwana Mkulu, za Mivi Iwiri ndi Nsomba Zomwe Zinatisiya

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Kampani,

Ndine wantchito wanu wolandira alendo, uja mumamudutsa m'mawa uliwonse mukuyang'ana foni. Mundikhululukire kuti kalatayi ndaimata pabolodi. Zitatu zomwe ndinapereka kwa sekilitale wanu zikuoneka kuti zinakafika kumalo abwino, chifukwa sizinabwerenso.

Choyamba ndithokoze chifukwa cha thanki ya nsomba ndi zomera imene munaika pafupi ndi desiki yanga. Munandikwezanso udindo popanda kundilemetsa ndi dzina latsopano: ndinakhala woyang'anira silinda ya mpweya wa kaboni umene zomerazo zimadya. Katswiri amene anadzaika thankiyo anatifotokozera tonse awiri za mageji awiri a pasilindapo, aja okhala ngati mawotchi, iliyonse ndi muvi wake woloza manambala. Inu munali pa foni, ndipo n'zomveka. Ine ndinalibe wondiimbira, choncho ndinamvetsera.

Tsono nsomba khumi ndi imodzi zafa, ndalandira kalata ya chenjezo, ndipo Lachinayi ndikaonekera ku komiti imene ingandichotse ntchito. Ndiloleni nditchule zolakwa zanga.

1. Ndinalakwa posasilira muvi wa kumanzere, woonetsa mphamvu ya mpweya wa m'silinda. Muviwu unakhala pa 60 miyezi inayi osagwedezeka, mpaka munautchula pamsonkhano wa antchito monga chitsanzo cha kukhazikika. Tinawomba m'manja. Ine mwa umbuli wanga ndinakulemberani kuti muvi umenewu umaima pomwepo ngakhale silinda ili pafupi kutha, umadzagwa mapeto atafika kale, ndipo njira yodziwira zoona ndi kuikweza silindayo pa sikelo. Ndinaikweza pa sikelo ya maphukusi, ndinaipeza yopepuka ngati botolo la mwana. Yankho lanu linadzera mwa sekilitale: geji ikuti zonse zili bwino, ndipo kampani ino imayendera manambala. Ndinakumbukira malipoti ena a m'nyumba muno, ndipo ndinamvetsa.

2. Ndinalakwa polola muvi wa kumanja kukhala pa 2. Umenewu ndiye umaonetsa mphamvu ya mpweya wolowa m'madzi, ndipo 2 ndi pamene katswiri anausiya. Koma tsiku limene kunabwera akuluakulu a bodi, zinaoneka kuti nambala yaing'ono chotero pakhomo penipeni pa kampani ndi chitonzo. Mnzake ali pa 60, iye pa 2, ndiye kuti ndi waulesi. Dzanja lina lachifundo linapotokola kachitsulo kotsegulira mpweya kuti waulesiyo alimbikire. Ine ndinali nditatumidwa kukatenga makapu. Pobwera ndinapeza timathovu, tomwe tinkatuluka kamodzikamodzi ngati munthu wowerenga mopumira, tikuthamangitsana ngati ketulo yawira.

3. Ndinalakwa pa nkhani ya mitundu. M'thankimo muli kagalasi ka madzi osintha mtundu: kakabiriwira ndiye kuti zili bwino, kakachita chikasu mpweya wachuluka. Nditakunong'onezani kuti kachita chikasu, munakumbutsa alendo kuti chikasu ndi mtundu wa kampani yathu. Nsomba zitakwera pamwamba pa madzi zikuyasamula kukamwa, munawauza kuti zikuwapatsa moni. Bambo wina wa bodi anazibayibitsa. Ndinafuna kutseka mpweyawo, koma munandiyang'ana ndi diso limene tonse timalidziwa, ndipo ndinabwerera pampando kukamwetulira monga mwa ntchito yanga. Mmene alendo amanyamuka, moniwo unali utatha. Amayi okolopa anazivuula ndi sefa ya tiyi, akupukusa mutu. Sefayo tikugwiritsabe ntchito pa tiyi wa mu ofesi yanu, poti pempho la ina yatsopano likudikira siginecha.

Zomera zokha zasangalala, bwana. Zabiriwira kuposa kale. Muli ndi dzanja la ulimi.

Kalata ya chenjezo ikuti ndinalephera kuteteza katundu wa kampani kwa munthu wosadziwa. Mawu amenewa si anga, ndi a ofesi yoona za antchito, ndipo sindingayerekeze kuwatsutsa. Chala sichiloza mwini, nanga cha ine wapakhomo chingaloze m'mwamba?

Pempho langa ndi laling'ono. Komiti yandiuza kuti Lachinayi tidzaonera limodzi zomwe kamera ya pamwamba pa desiki yanga inajambula. Kamerayo inaikidwa kuti iziona ngati ndikuwodzera, choncho nkhope za anthu aatali siizifika. Mlonda wamkulu wandiuza kuti pakuoneka dzanja lokha likupotokola kachitsulo, dzanja lonenepa bwino, lovala wotchi yagolide. Ine ndili ndi ana atatu ndipo ndine wokonzeka kuvomera chilichonse chimene chingakomere kampani. Ngati mwaganiza kuti dzanjalo likhale langa, chonde mundibwerekeko wotchiyo pofika Lachitatu, kuti komiti isavutike kundikhulupirira.

Ine wanu womvera ngakhale pamene simukulankhula,

Wolandira Alendo ndi Wowerenga Mageji