Dzina la Mwana Wanga

Lolemba
Mchombo wagwa! Mwana wanga woyamba, wamwamuna, abatizidwa Lamulungu likubwerali. Apongozi andipatsa ulemu: dzina ndisankhe ine, mphunzitsi wobwera kuchokera ku Dedza. Kuno ku Kande anthu amangotsegula Baibulo n'kuloza ndi chala. Onani tcheyamani wa chipani, a Nabala. Sadziwa n'komwe kuti dzinalo limatanthauza chitsiru. Wanga ayi!

Lachiwiri
Ndasanja atatu.
Isake: kuseka.
Davide: wokondedwa.
Eliya: Mulungu wanga ndi Yehova.
Isake wagwa, akuti ndi dzina la mkulu woba maukonde ku Tukombo. Pa Davide mkazi wanga NyaChirwa wamwetulira mopitirira muyeso, kenaka wayang'ana kudenga. Sindinafunse. Watsala Eliya.

Lachitatu
Pakamwa pangapa! Ndikugula usipa pamsika, ndayamba kuphunzitsa osafunsidwa: Eliya, Yesaya, Yeremiya, mwa onsewa muli dzina la Yehova. Ndalitchula mokweza, mobwerezabwereza. Msika wonse wangoti zii. Mayi wa usipa wakana kundiikira banyira.

Lachinayi
Anyamata a chipani pakhomo m'mamawa. Akuti ndine wa mpingo woletsedwa uja wotchulatchula Yehova, wokana makhadi a chipani. Khadi ndawaonetsa, koma Baibulo langa atenga. Apongozi: "Ada, dzina lokha mpaka kutiwotchetsa nyumba?" Ndili ndi mantha.

Lachisanu
Ahedi kusukulu: "Muyambe mwakhala kunyumba, aphunzitsi." Ndikufuna dzina lopanda Yehova, koma buku loonamo ndilibe. Petro, thanthwe? NyaChirwa sakundilankhula. Mwana akulira, inenso pang'ono.

Loweruka
Apongozi anyamula tambala wanga kupita naye kwa tcheyamani. Abwerera ndi tcheyamani mwiniwake, Baibulo kukhwapa. Wanyamula mwana, wamuvinitsa, wati: "Nkhani yatha. Kusonyeza kuti mulibe chidani ndi boma, mnyamatayu atenga dzina langa." Nthungululu! Inenso ndawomba m'manja. Ndikanatani?

Lamulungu
Abusa amaliwerenga Baibulo. Afunsa dzina, ndayankha. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi, afunsanso. "Nabala," ndatero, maso pansi. Athira madzi.
Panja tcheyamani wandigwira paphewa: "Aphunzitsi, inu odziwa mabuku, kodi dzina lathuli limatanthauza chiyani?"
Ndati: "Mwana wotengera bambo wake."
Wakondwa kwambiri. Ndipo sindinaname.