Mapasa a Asiyatu

Ndiseke kapena ndibise nkhope? Ndiseka basi, manyazi sapha.

Foni inalira ndikusita zovala za madamu ku Amanzimtoti. Anali mdzukulu wanga Asiyatu, wophunzira ku yunivesite. "Agogo, zatheka! Onani chithunzi ndatumizacho." Nkudula.

Ndinachiona. Chotuwatuwa, pakati timipira tiwiri takuda, kalikonse m'kathumba kake. Ine zithunzi zotere ndimazidziwa, mwana wa madamu anamata chake pafiriji ali ndi pakati. Mdzukulu wanga Asiyatu, zaka zonsezi pabanja osabereka, apongozi ake akumunena kuti anakwatiwa ndi mabuku! Lero mapasa!

Mutekisi ndinaiwala kuti kuno kudziko la eni Chichewa timabisa. Ndinaliza nthungululu, ndinaimba, Azulu nkumafunsa, "Gogo, yini?" Ine, "Amawele!" ndiwo mapasa m'Chizulu. Anaomba m'manja tekisi yonse. (Dalaivala sanaombe, Mulungu amudalitse, anagwira chiwongolero.)

Pofika kunyumba ku Overport ndinali nditaimbira aliyense. Ndinaphika mpunga, ndinapha nkhuku. Apongozi ake aja ndinawaitana ndekha, ndinawakhazika pampando wabwino, chithunzi ndinawaonetsa kangapo konse.

Asiyatu analowa madzulo, nkupeza timasokosi patebulo.

"Agogo, wabereka ndani?"

"Iweyo, mayi! Usaime nthawi yaitali."

Eish. Anayang'ana foni, anayang'ana apongozi, anayang'ana ine. Apo ndinazindikira kuti bala lake ndinali nditalivundukula pagulu.

Koma mwanayu! Anatenga foni nkuimirira pakati. "Amayi, iyi si mimba, izi ndapanga ndi manja angawa. Timatenthetsa chitsulo mpaka chisanduke nthunzi. Nthunziyo ikamazizira, timbewu tachitsulo timavala chikopa cha kaboni, mwaye ngati wa makala, chosanjikizana ngati anyezi. Diso silingatione, koma makina. Ndayesa, ndalephera, ndayesanso. Lero timbewuto tavala."

Apongozi anati, "Chitsulo kusanduka nthunzi? Iweyo?"

"Ineyo, amayi."

"Yusufu, mpatse mpando mkazi wako."

Ndinalizanso nthungululu, yachiwiri kuposa yoyamba! Asiyatu anandilonjezetsa kuti ndizifunsa ndisanaitane anthu. Ndinavomera ndi pakamwa.

Nkhuku ija tinadyera chitsulo, ndipo anadya ndi awa: Abiti Saidi, Che Jafali a m'sitolo ndi akazi awo, Patuma wa ku Cato Manor, anaPhiri achikhristu, Yusufu mwini mkazi, ndi apongozi, amene pochoka anati, "Chithunzicho unditumizire, ndikaonetse ku Mangochi."