Kwa Wapampando Amene Anandiphunzitsa Kudya Chikanda Changa

Chililalila,
Kabwe.

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yolandira Alendo,
Koleji ya Mutondo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada ndi maondo onse awiri, ngakhale lakumanzereli limavuta nyengo yozizira, kuti ndikupatseni moni. Ine ndine Abigail Chikomeni, amake Monalisa, mmodzi wa azimayi amene timagulitsa zakudya pageti la koleji yanu. Dzinali simulidziwa, ndipo sindikudandaula, pakuti munthu wamkulu ngati inu ali ndi zambiri zoti asunge m'mutu. Koma dzanja langa mukulidziwa. Munaligwira Loweruka lapitali pondikweza basi ya alendo.

Ndalemba chifukwa ndamva ndi makutu angawa kuti pamalo athu a pageti mukufuna kudzalapo maluwa. Pamenepo ndi pamene pamachokera fizi ya mwana wanga, amene watsala ndi chaka chimodzi pa koleji yanu yomweyo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ndisanafike pa zimenezo, ndiloleni ndithokoze kaye, chifukwa makolo anga anandilera bwino.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tchuthi. Chiyambire kugulitsa pageti paja, palibe anandipatsapo tsiku lopuma. Inu nokha ndi amene munaona kuti tatopa. Lachisanu masana, mafuta a vitumbuwa ali pamoto, mlonda wanu Philimon anabwera akuyang'ana pansi, nati, "Bamayo, ba Chair bakamba ati mailo kuli ma visitors, so muchokepo pa gate. Ni orders chabe." Pomva kuti alendowo akubwera mawa lake, tinanyamula mbaula zathu zikadali zotentha. Bana Kangwa, mnzanga wogulitsa chinangwa chootcha ndi mtedza, anapsa chala, ndipo mawu othokoza amene anakunenerani m'Chibemba sindingawalembe muno, poti ndine wa mpingo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaonanso kukoma mtima kwanu. Febian, dalaivala wa komiti yanu, anaimika galimoto kuseri kwa nyumba yanga, nanong'ona kuti alendo akufunika mapoto awiri a chikanda. "Koma musauze muntu, mami," anatero. Ndinadabwa pang'ono kuti mayi wosayenera kuonedwa ndi alendo angayenere kuwaphikira, koma ndinadziuza kuti za anthu ophunzira n'zakuya. Ndinasinja timizu take ta kutchire tija pamodzi ndi mtedza wabwino, ndinathira soda ndi tsabola mwa muyeso wanga, ndipo m'mawa Febian anadzatenga mapoto aja atawafunditsa bulangete.

Tsono, Bwana, munthu wa pa tchuthi amasowa chochita. Chaka chilichonse Monalisa amandilembetsa pagulu la makolo oitanidwa ku mwambo wanu wa alendo, ndipo chaka chilichonse ndimakana, chifukwa tsiku la alendo ndilo la malonda. Ulendo uno ndinalibe chonamizira. Ndinavala diresi la pa ukwati wa mng'ono wanga, wigi, magalasi, ndi nsapato zazitali zobwereka kwa bana Kangwa. Nditafika pageti, Philimon anandimenyera sawatcha, kenako kukamwa kunangoti yasa. "Bamake Monalisa, ndimwe?" Ndisanamuyankhe, inu munatulukira mukuthamanga, manja ali m'mwamba. "Welcome, madam! Mwachoka ku Lusaka?" Ndinati ndachokera pafupi pompano. Munaseka kwambiri, n'kunena kuti ndine wanthabwala, ndipo munandipatsa mpando wakutsogolo m'basi yoonetsa alendo tauni.

Chachiwiri, zikomo pondionetsa Kabwe. Ine ndinabadwira muno. Agogo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzakumba mumgodi, bambo anga anakalambira ku Railways akukonza sitima, ndipo ine ndayenda misewu ya tauni ino mpaka zidendene zinang'ambika. Koma sindinadziwe kuti ndikukhala pamalo okongola mpaka inu, amene mwabwera dzanadzanali, mutandifotokozera pa chimkuzamawu.

Pa mkuyu waukulu wa m'tauni ndimadutsapo ndi dengu pamutu, maso ali kumsika. Palibe anandiuzapo kuti mtengo umenewu munthu amayenera kuutsamira n'kumwetulira. Ndinautsamira, Bwana, ndipo munandijambula nokha. Ndinene zoona, ndinasangalala. Ndinayang'ana m'mwamba kwa nthawi yoyamba n'kuona kukula kwa nthambi zake, ndipo ndinadzimvera chisoni kuti zaka zonsezi ndinkangoona mizu. Ku Railways munatisonyeza nyumba zokonzera sitima, n'kunena kuti anthu akale ankagwira ntchito ndi manja okha. Ine ndinaona khomo limene bambo anga ankalowera, pamene ndinkawadikirira ndi chakudya chamasana ndili kamtsikana. Misozi inatsika. Munandipatsa hanki yanu n'kupepesa chifukwa cha fumbi.

Ku mgodi wakale tinaima patali, monga munalangizira, n'kuyang'ana mulu wakuda uja wa zotsalira za mumgodi. Munatiuza za chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka kumeneko, chimene tsopano chili kutsidya kwa nyanja. Ife a ku Kabwe nkhani zotere sitidabwa nazo, pakuti chathu chikakhala chabwino chimatengedwa, eni ake n'kutsala. Bambo wina wa ku Chipata anafunsa kuti chigazacho chidzabwerera liti. Munayankha kuti komiti yanu ikuiganizira nkhaniyo, ndipo tonse mitima inakhala pansi.

Pobwerera dalaivala anadzera kwathu ku Chililalila, ndipo apa munaonetsa kuti mumasamala thanzi la alendo. Munalamula kuti makatani onse a basi atsekedwe chifukwa cha dzuwa. Kunja kunali mitambo, koma ine ndine yani kuti nditsutsane ndi wapampando pa nkhani ya zanyengo? Pa kampata ka katani ndinaona zitenje zanga zili pachingwe, ndi mbuzi ya aneba ikutafuna ngodya ya chitenje changa cha mpingo. Ndinafuna kukuwa, koma ndinakumbukira kuti ndine mlendo. Mayi wa ku Ndola amene ndinakhala naye anandifunsa kuti kunjako kuli chiyani. Ndinamuuza kuti kuli dzuwa.

Chachitatu, ndipo apa ndiye mtima wanga wadzaza, zikomo chifukwa cha chakudya. Mu holo munali ifisashi, masamba otendera aja, mphalabungu zimene kuno timati vinkubala, nsomba za ku Lukanga, ndi munkoyo, thobwa lathu la mizu, wothira m'matambula a vinyo. Pakati pa tebulo panali chikanda changa. Poyamba sindinachizindikire, chifukwa munachidula tizidutswa tating'ono n'kubaya chilichonse ndi kamtengo kotokosera m'mano. Munanditengera kamodzi ndi dzanja lanu. "Madam, try iyi. Ni chikanda, ise timaita African polony. Yapangiwa mu kitchen yatu, very hygienic. Osati vija va pa gate vamene vimadwalitsa bana batu." Kenako munandionetsa kagwiridwe ka kamtengo, ndi kundichenjeza kuti ndiyambe pang'ono, poti mimba za alendo sizinazolowere.

Amene ananyamula thireyi anali Monalisa. Munamusankha nokha kukhala pagulu la ophunzira olandira alendo, ndipo pamenepo munasankha bwino. Mawu anu onse aja anawamva. Mwanayo anatsegula pakamwa, nati, "Sir, aba ni..." Ndinamuponda phazi ndi nsapato ya bana Kangwa, ndipo anameza mawu otsalawo pamodzi ndi misozi.

Apa sindiseka, Bwana. Zinandiwawa. Za ine ndekha ayi, ndatukwanidwapo ndi oledzera ndi makondakitala, ndipo khungu linakhuthala kale. Koma mwana uyu sanachitepo nane manyazi. Amatuluka m'kalasi ndi anzake, n'kudzakhala pa chigubu changa, n'kuwauza kuti awa ndi amayi anga. Tsiku limenelo ndine ndinamutseka pakamwa, chifukwa ndinaopa kuti angakwiyitse munthu wamkulu pamene mayeso ali pafupi. Mpaka lero akutsimphina pang'ono, ndipo sanandikhululukirebe kwenikweni.

Komabe ndinadya, ndipo ndinayamikira mokweza kuti chikanda chotere sindinachilawepo kwina kulikonse. Sindinaname. Inunso munadya mosaumira, timitengo tinadzaza mbale yanu, ndipo ndinakumvani mukuuza Febian kuti chotsala akulungire mayi a kunyumba. Ndikhulupirira kuti onse awiri mwadzuka bwino.

Chachinayi, kapena chachisanu, ndasokonezeka poti zabwino zanu zachuluka, zikomo chifukwa cha mawu anu otsekera. Munalengeza kuti mwambo womaliza maphunziro usanafike, azimayi a pageti adzakhala atachoka ndipo padzamera maluwa. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, poti manja a mlendo sakhala chete pamene mwini nyumba walankhula. Munandiloza n'kunena kuti, "Mwaona, na madam bavomela!" Pomaliza munandipempha kuti chaka chamawa, mwana wanga akamadzalandira satifiketi, ndidzakhale pampando wakutsogolo, pafupi ndi inu.

Maluwa ndi abwino, sindikukana. Kungoti ana a sukulu yanu akatuluka m'kalasi njala itawapotokola, sindinaonepo wina akufunsa kumene kuli maluwa. Za ukhondo mwanena zoona, pageti pamafunika mpopi ndi mgolo wa zinyalala. Takhala tikusesa tokha ndi kutunga madzi kutali, ndipo tikanakuuzani kalekale mukanakhala kuti mumatsitsa galasi la galimoto polowa.

Mwina mukudabwa kuti bwanji kalatayi ndaiika poyera, pamene Febian anandipempha chinsinsi. Ine ndinasunga, Bwana. Anaulula ndi chikanda. Lamulungu m'mawa alendo akukonzeka kubwerera, mayi wa ku Ndola uja anapita kukhitchini ya koleji kukagula choti atengere ana. Ophika anati sanachiphike ndi iwo. Anamutumiza kwa Philimon, Philimon anamutumiza kwa Monalisa, ndipo Monalisa, amene nsapato yanga inali kutali, anadzaza minibasi ndi makolo n'kubwera nawo ku Chililalila. Anandipeza ndangochokera ku Misa, wigi ili pa msomali, duku kumutu, ndikukangana ndi aneba za mbuzi. Mayi uja anandiyang'ana, nayang'ananso, kenako anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi.

Tsiku limenelo ndinawaonetsa Kabwe wanga, wopanda makatani. Tinakhala pamphasa pansi pa mango. Bana Kangwa anabwera ndi mbaula yawo, chala chili chomanga, n'kuotcha chinangwa. Chikanda ndinadula zigawo zoti munthu agwire ndi dzanja lonse, munkoyo tinamwera m'makapu. Bambo wa ku Chipata anapezeka kuti malume ake ankagwira ntchito ndi bambo anga, ndipo tinatchula mayina a anthu akufa mpaka dzuwa linapendeka. Ndinawaperekeza kumsika kukagula nsomba zouma, n'kuwasonyeza mayi amene sapimira mlendo moba. Anakwera mabasi awo mochedwa, zikwama zikununkhira, ndipo akulankhulabe za inu. Sindinawatume ndine. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo wanu pofika pano wafika kale ku Ndola.

Tsopano pempho langa, Bwana Wapampando, ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka ndi ulemu wonse. M'sabata imodzi mwakumana ndi azimayi awiri. Wina munamuthamangitsa Lachisanu ndi mbaula yamoto, wina munamuitanira mpando wakutsogolo Loweruka. Vuto ndi loti awiriwa amayendera miyendo imodzi, ndipo wa Loweruka amadyera m'manja mwa wa Lachisanu. Mukachotsa wa pageti, mlendo wanu wolemekezeka sadzabwera ku mwambo uja, chifukwa sipadzakhala mwana woti adzamululutire. Choncho khalani pansi ndi komiti yanu, muganizire mofatsa monga mukuchitira ndi nkhani ya chigaza, koma mwachangu pang'ono, ndipo mundiuze amene mukumufuna mwa awiriwa.

Yankho musatumizenso Philimon, mwana wa eni wavutika mokwanira. Bwerani nalo nokha pageti Lolemba, mudzandipeza pamalo anga. Mukavutika kundizindikira, funsani wophunzira aliyense wa koleji yanu, akulozerani.

Ine wanu wodzichepetsa, mlendo wanu ndi wophika wanu,

Abigail Chikomeni,
amake Monalisa.