Mangawa a Mayi Tiona

Malemu Mayi Tiona sankadziwa kukalipa. Ukawalakwira ankangokuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, ngati telala woyeza suti, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Chabwino. Tiona." Dzinalo linachokera pamenepo. Ena amasunga mbewu, ena amasunga nkhuku. Iwo ankasunga mangawa, ndipo sankafumbwa.

Ankagwira ntchito pachipata cha paki ya m'mbali mwa nyanja, kumene anthu a m'tauni amabwera kudzagona m'matenti, kuotcha nyama ndi kupsa ndi dzuwa mwadala. Wotsegula chipata anali iwo, wogawa malo okhomapo matenti analinso iwo omwe. Mlendo wanzeru ankayamba wapereka moni.

Amene ankawadziwa bwino kuposa onse anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, yemwe ankabwereketsa mabwato papakipo. Ali pakashedi kake ka mabwato ankaona zonse zochitika pachipata. Anaona tsiku limene bwana wina wa chigalimoto chachikulu anafika akuliza hutala.

"Iwe mayi, tsegula. Undipatse malo a mthunzi."

"Alipo, bwana. Timasungira anthu olemekezeka ngati inu."

Anamuperekeza okha mpaka patsinde pa mtengo waukulu, pomwe akakowa a nyanja yonse amagonapo. M'mawa mwake tenti yake yobiriwira inali mbuu ngati yapakidwa laimu, galimoto nayonso chimodzimodzi. Mayi Tiona anadutsa ndi tsache lawo.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Ena amati zimenezi ndi mwayi."

Anyamata a ku koleji nawonso analawako. Atauzidwa kuti atsitse masipika awo, mmodzi anayankha kuti, "Agogo, kapumeni." Madzulo ake kunafika basi ya amayi a kwaya. Mayi Tiona anawaika mozungulira matenti a anyamatawo, n'kunong'oneza mtsogoleri wa kwayayo kuti ana amenewo ali ndi ludzu la mawu a Mulungu koma ndi amanyazi. Pomwe dzuwa linkatuluka, anyamata aja anali atakhala pamphasa, maso ali psuu, atagwiritsidwa mabuku a nyimbo.

Mlamu uja ankaseka nawo, koma kuseka kwake sikunkafika m'mimba, chifukwa mlandu waukulu unali wake. Tsiku limene Mayi Tiona anayamba ntchito, iye anawakweza m'bwato kuti akawaonetse malire a paki. Mayiwo anali atavala yunifolomu yatsopano, yosita mpaka kuthwa. Pobwerera, pafupi ndi gombe, mlamuyo anagwedeza bwato mwachipongwe cha pachilamu, ndipo mayiwo anagwera m'madzi olekeza m'chiuno, alendo akuona. Iye anaseka mpaka kugwetsa nkhafi. Mayi Tiona anavuuka, nafinya siketi yawo.

"Chabwino, alamu. Tiona."

Anaonadi. Chaka chimenecho alendo onse ankafika pakashedi pake akukuwa. Mayi wina anamuyandikira mpaka kukhutu n'kufuula kuti akufuna bwato, kwinaku akupalasa m'mwamba ndi manja. Mlamuyo ankabwerera kunyumba mutu ukuwawa, akudandaula kuti anthu a m'tauni ulemu unawathera. Anadzadziwa mochedwa kuti pachipata aliyense ankalangizidwa kuti, "Bambo wa mabwatoyo ndi wabwino, koma samva. Muzikuwa, ndipo akayamba kukwiya ndiye kuti sanamve, muwonjezere."

Chaka chotsatira alendo anasiya kukuwa, n'kuyamba kumupempha nyimbo. Bwato likangofika pakati, ankamunyengerera kuti, "Musachite manyazi, bambo, tamva kuti munali woimba wotchuka." Munthu amene ngakhale kutchalitchi ankangoyendetsa milomo.

Mkazi wake anamuuza kuti akapepese basi. Anagula ambulera wamkulu wokongola n'kupita naye pachipata.

"Alamu, zakale zithe. Muzifunda uyu mvula ikamagwa."

Mayi Tiona anamutambasula, anamuzunguza, anamupinda.

"Ndi wabwino, alamu, zikomo. Koma tsiku lija ndinanyowa kuchokera pansi."

Zaka zinapita, onse awiri imvi zinamera, ndipo mlamuyo anayamba kuganiza kuti ukalamba wawafewetsa mtima. Ndi pamene Mayi Tiona anabwera ndi kamwana ka tsekwe m'katoni, ati kowasangalatsa pachipata. Sabata yomweyo ovololo yakale ya mlamuyo inasowa pachingwe. Sanadziwe kuti inali kuseri kwa kanyumba ka pachipata, itadzazidwa udzu, madeya ali m'matumba akumbuyo. Tsekweyo anakula akudziwa kuti chakudya chimapezeka kumbuyo kwa munthu wovala ovololo yonunkha mabwato.

Tsiku loyamba kumumasula, tsekwe anadutsa ana, anadutsa amayi ootcha nyama, anadutsa ngakhale galu, n'kulunjika pakashedi. Mlamuyo anali atawerama akukoka bwato. Amene analipo amati anadumpha ngati mnyamata, n'kudziponya yekha m'nyanja, nsapato ndi chipewa zomwe. Atavuuka anapeza Mayi Tiona ataima pagombe, atafunda ambulera uja ngakhale kunalibe mvula.

"Madzi ali bwanji lero, alamu?"

"Ndiye kuti tafanana, eti?"

"Inu mwalowa nokha. Ine anandigwetsa ndi munthu."

Kuyambira pamenepo ankakoka mabwato chammbali, diso limodzi kumadzi, lina kumtunda.

Nyengo yozizira itafika, Mayi Tiona anayamba kutsokomola, ndipo pachipata panakhala munthu wina. Mlamuyo anakawaona kuchipatala. Anawapeza atachepa, manja ali ngati timitengo pamwamba pa bulangete. Anakhala pampando chammbali, monga anazolowera, chipewa chili m'manja. Anali atakonza nthabwala panjira, koma zonse zinathawa.

"Alamu, tsiku lija ndinalakwa. Sikugwedeza bwato kokha ayi. Ndinaseka."

Mayi Tiona anatsegula maso.

"Zaka zonsezi ndimadikira mawu amenewo. Ambulera sindinamupemphe ine."

"Mundikhululukire."

"Ndakukhululukirani, alamu, ndi mtima wonse." Kenako anamwetulira pang'ono. "Koma tsekwe sindinamuuze."

Anamwalira sabata yomweyo. Pamaliro panabwera anthu ambiri, ena ndi magalimoto akuluakulu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analiza hutala.

Masiku ano pachipata pali mtsikana waulemu amene amamwetulira aliyense, wamwano ndi wofatsa yemwe. Alendo amasankha okha malo, amataya mabotolo pamene afuna, ndipo akachoka palibe nkhani yotsala yoti antchito akambirane pa tiyi. Pakiyo yakhala malo wamba a madzi ndi mitengo.

Oyang'anira paki anati tsekwe achoke, akuopseza alendo. Mkazi wa mlamuyo anati angomupha, wavutitsa mokwanira. Iye anakana zonse ziwiri, n'kumumangira khola kuseri kwa kashedi kake. M'mawa uliwonse amamutsegulira, amamuthirira madeya m'mbale, koma tsekwe mbaleyo saiyang'ana n'komwe. Amadikira kuti mkuluyo awerame pabwato.

Mlendo wina, ataona zimenezi, anafunsa chifukwa chake amasunga chinthu chomuluma tsiku ndi tsiku. Mkuluyo anasisita pomwe panajomphedwapo, akuyang'ana kuchipata.

"Ndi wa alamu anga," anatero. "Akumaliza ntchito yawo."