Mlatho Womwe Sunalowe M'chithunzi

Ana inu, khalani pansi. Mphezi indiwombe pompano ngati m'nkhaniyi muli bodza ngakhale limodzi! Mwambi ndikufuna kukuuzaniwu chiyambi chake n'chotere.

Kunali mkulu wina, Galasiano Mphadwe, wojambula zithunzi wa Mtsogoleri wa dziko. Mtsogoleri akayetsemula, Galasiano kape! Akanyamula khanda, kape! Suti yaulere, galimoto yaulere, mimba nayo inayamba kutsogola.

Tsiku lotsegulira mlatho watsopano, Mtsogoleri anamukodola.

"Mphadwe, ndikufuna chithunzi chimodzi basi: ine, sizasi m'manja, riboni ikuduka. Ukaphonya, uzikajambula mbuzi kwanu."

"Ine kuphonya, bwana? Ngakhale ntchentche ndimaijambula ikuphethira."

Kumlathoko kunali anthu osaona poponda. Galasiano, poti anali wamfupi ngati mtondo, anakwera mumtengo wa mango ndi suti yomwe.

Tsono kamera za nthawi imeneyo zinali za filimu, ikatha yatha. Koma mkuluyo atafika m'mwamba, maso anayamba kuyendayenda. Anaona amayi akuvina chimtali. "Ichi chakoma!" Kape! Nduna ina ikuwodzera, kukamwa yasa. "Ichinso chakoma!" Kape! Ataona namwali wogulitsa zitumbuwa, analumphira nthambi ina n'kumujambula mpaka chala kuwawa.

Wapolisi amene anaima pansi pa mtengowo anakuwa: "Achimwene, tsikani! Mwasanduka pusi kodi?"

"Chete iwe, ukundigwedezera dzanja!"

Lipenga linalira. Mtsogoleri anakweza sizasi. Galasiano poti ayang'ane, filimu yatsala yojambula kamodzi, masamba nawo amutchinga. Anayamba kubwerera cham'mbuyo panthambipo, diso lili pakamera. Pang'ono. Pang'ononso. Nthambi thyo! Munthu chagada, khu! Kamera kape!

Zithunzi zitatsukidwa, Mtsogoleri anatenga chomalizacho n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Mphadwe, ine ndili pati apa?"

"Muli cha kumunsiku, bwana, kungoti simunalowe."

"Nanga ziwiri zakudazi?"

"Nsapato zanga, bwana. Kumbuyoko ndi mitambo."

"Ndiye nyuzi ilembe kuti ndatsegulira nsapato zako?"

Suti anamuvula tsiku lomwelo. Anapita kwawo pabasi, ataima, poti msana unkakana mpando. Wapolisi uja, aliyense akamufunsa kuti wojambula wa bwana watani, ankangopukusa mutu n'kunena kuti:

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Zonsezi n'zoona. Za mlatho zokhazo ndangoikapo ine. Kumeneko kulibe ndi mtsinje womwe.