Tsiku limene ninaitanira alangizi madisiketi

Nkhani iyi nikaikumbuka nimafuna kubisa nkhope mu chitenje, koma lekani niinene nekha anthu asanaithire mchere.

Tinali kukhala ku nyumba za mishoni, khoma limodzi na Ba Tembo na akazi awo, Ba Judith. Khoma lake la silingibodi, munthu akayetsemula uko ife kuno timati pepani. Onse awiri anali ophunzira a ku yunivesite, anabwera kudzapanga pulogilamu ya makadi a ana a ku sikelo pa kompyuta ya kiliniki.

Tsiku lina masana nili kuyamwitsa, nkhondo inabuka.

"Judith, pa Windows sinipanga kanthu popanda shell! Tiike ija yaikulu, ili na zida zonse monga Unix ya kusukulu!"

"Ichedwa ngati ngolo ya ng'ombe! Yaing'ono ithamanga!"

"Theka la zida mulibe!"

"Basi, kwatirani madisiketi anuwo!"

Masiku atatu, zitseko mbaa, mbaa. Poto osalira. Ine sukulu ninalekezera giredi faifi, koma nidziwa kuti nyumba ikasiya kuphika, banja lapita. Ninabereka mwana, liwiro kukatenga alangizi a mphakati wathu, Amai Zulu na Amai Lungu, makolona m'manja.

Tinalowa, tinayala mphasa, pemphero.

"Ana anga, pali mkazi wina?" anafunsa Amai Zulu.

"Iyai, amai."

"Mowa?"

"Iyai."

"Nanga kuchipinda kuli bwino?"

Ba Tembo anatsamwa malovu.

Ba Judith anaika makatoni awiri a madisiketi, timbale ta kompyuta, pakati pa mphasa. Ati shell ni galasi lakuda lija, ulembapo mau, kompyuta imvera. Katoni iliyonse ili na shell yake, vuto ni kusankha katoni. Amai Zulu anatolapo kadisiketi kamodzi, kukanunkhiza, kukabweza. Kenaka anacheukira ine.

"Amake Chisomo, mwatiitana ndimwe. Weruzani."

Ine phuma! Ninakonza mwana kumsana ngati majisitireti.

"Tayani zonse ziwiri," ninatero. "Kalaliki wa Abambo wansembe agwira chabe kamouse kaja ka pa kompyuta, tiki tiki, kalata yatuluka. Imwe na madigiri anu mulephera?"



"Mouse?" Ba Tembo anakuwa. "Kumanga pulogilamu na mouse?"

Ba Judith anaseka mpaka anagwera pa phewa la amuna awo. "Dadi, mwamva shani?"

"Namva, mami! Mouse!"

Ananiphunzitsa mpaka miyendo inachita dzanzi, uyu ayamba mau, uyu atsiriza. Alangizi anazemba mmodzimmodzi, Amai Lungu n'kuninong'oneza pakhomo, "Banja mwalipulumutsa, koma ife musatiitanenso."

Shell sanasankhe tsiku limenelo. Ba Judith anangoteleka mpunga na kapenta, awiriwo anakhala pansi kudya mbale imodzi. Wina akati "tiki tiki," mnzake mpunga utulukira m'mphuno.

Ninaphunzirapo kuti banja la ophunzira silifuna alangizi, lifuna chabe neba wopusa woti amuseke pamodzi.