Zukini za kuseri kwa nyumba

Lolemba
Zabereka! Zisanu ndi ziwiri, ndawerenga kawiri. Mbewu yake anandipatsa adalaivala a lole ya ku Chipata, akuti dzina lake zukini. Masamba ngati a maungu, maluwa ngati a maungu. Ndiye kuti ndi maungu basi, kungoti aatali. Maganizo anga ndi awa: Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndiitane a Zulu, aneba anga, ndi akazi awo, adzadye kuno. Chibwerere pa esiteti pano kuchokera kwathu ku Phalombe, miyezi naini, palibe amene walowapo m'nyumba muno. Mayi a ana ali kumudzi. Ndimayankhula ndi wailesi.

Lachiwiri
Ndawauza a Zulu tikusoka fodya ku shedi. Akuti "tiona". Tiona si kukana ayi. Ndagogoda zukini ndi chala, sizikulira. Ndayesa chikhadabo, changolowa ngati m'sopo. Zanthete. Dzungu lanthete sathyola, aliyense amadziwa. Tidikire zikhwime.

Lachitatu
Koma bwanji sizikuyanga? Zangokhala malo amodzi ngati nkhuku yofungatira. Kapena zimafuna kukwera? Ndazika timitengo, ndamanga ndi luzi, ndakoka pang'ono. Tsinde lina thyo! Ziwiri zapita. Akazi a Zulu pochokera ku mjigo aima, akuti, "Achimwene, nkhaka zanuzo zatupa ndi chiyani?" Ndaseka nawo. Komatu aima, ndowa ili pamutu, tacheza ndithu.

Lachinayi
Zikukula ngati zalodzedwa. Ina yafanana ndi mkono wanga. Zofunika Lamulungu:
mchere
kusesa
kukhoma mwendo wa mpando uja
mbale ziwiri. Ndibwereke kwa ndani? Amene ndimawadziwa ndi a Zulu omwewo. Kaya.

Lachisanu
Ndakumana ndi adalaivala aja pa geti. Ndawaonetsa ndi manja mmene zakulira. Aseka mpaka kutsamira tayala. Akuti zimenezi amathyola zikadali tiana, n'kukazinga, zangazo zapitirira, ndi za nkhumba. Ine ayi. Munthu n'kuthyola chinthu chisanakhwime? Kumeneko ndi kuwononga. Anthu a m'tauni sadziwa kudikira.

Loweruka
Ndati ndiyese imodzi. Ndaphika mmene timaphikira maungu, kudula zibenthu, timadzi pansi, kuvundikira. Povundukula, mayo ine! Madzi okhaokha, makoko akuyandama. Kulawa, si kukoma, si kuwawa, ngati wamwa madzi otsukira mbale. Ndathira shuga. Ayi. Ndathira mchere. Zaipiratu. Ndili chomwecho, supuni m'manja, a Zulu akukuwa pa mpanda: "Aneba, mawa tikubwera! Mayi ndawauza asaphike!"

Lamulungu
Ndalawirira m'mamawa, ndathyola zinayi zonse, ndabisa pansi pa bedi. Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo. Potuluka ndawauza a Zulu kuti mbuzi za akapitawo zadya dimba lonse. Kunama, pakhomo pa tchalitchi penipeni. Mbuzi zimenezo dzulo ndinazipatsa chibenthu, zinangonunkhiza n'kuchoka.

A Zulu avala jekete, akazi awo chitenje chatsopano. Ati pepani, tsiku lina. Sanatchule tsiku lake.

Pano ndikuwamva akuseka kwawoko, akazinga mazira. Zukini sindingazitaye kudzala, aziona. Ndiye ndizidya ndekha, imodzi pa tsiku, chitseko chotseka. Kuyambira mawa mpaka Lachinayi.